Musamuwombere Milak

Okondedwa achimwene Pavia,

Kuno ku Ilulissat kwacha ndi mphepo yoopsa, chipale chofewa chikuuluka mpaka nyumba ya patsidya sikuoneka. Ndi m'mawa koma kudakali mdima poti nyengo ino dzuwa silituluka, ndipo kufakitale atiuza kuti tisapite chifukwa nsomba sizinabwere. Muli bwanji ku Saattut? Bondo la amayi likupezako bwino? Ine ndili bwino, manja okha ndi amene ang'ambika ndi madzi amchere.

Dzulo ndinakumana ndi a Jokum, oyandikana nafe aja, atabwera kudzachotsa dzino. Nditawafunsa za agalu, anati Milak masiku ake atha. Akuti akutsimphina miyendo yakutsogolo, ndipo inu mwanena kuti mphepo ikangoleka mukamuwombera kuseri kwa miyala.

Achimwene, mukudziwa kuti sinditha kuyankha munthu pamaso, n'chifukwa chake ndalemba. Ndikudziwa kuti kwathu galu amene sakoka ngolo ya pa ayezi sadya. Malemu abambo ankatero, ndipo sindikutsutsa. Koma Milak sanakalambe ayi. Ndinawafunsa a Jokum ngati anamuona mapazi. Akuti ubweya wa pakati pa zala watalika ngati ndevu zawo, chipale chimaundana pamenepo n'kukhala timiyala, ndipo akamachokera kunyanja amasiya magazi m'njira. Inuyo mungathamange tsiku lonse pa ayezi muli ndi miyala munsapato?

Akutinso chichokereni ine palibe wapesapo galu ngakhale mmodzi. Ubweya wakale udakali pathupi, wapotana, ukanyowa suuma. A Jokum atakufunsani pagombe, akuti munayankha kuti inu ndinu mlenje osati mayi wa kusaluni, ndipo kupesa agalu ndi ntchito ya kachitsiru kanu kaja kamene kamacheza ndi agalu chifukwa kamaopa anthu. Akuti anyamata onse anafa ndi phwete. Chabwino, ndine kachitsiru. Koma kachitsiruko kali pakhomo, ndi galu uti anatsimphinapo? Ndipo ndi galu uti amene amakana kuponda ayezi wopyapyala ngakhale mumukwapule? Si Milak? Mwaiwala msanga, achimwene. Zandipweteka kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Pamodzi ndi kalatayi ndawapatsira a Jokum sizasi yatsopano ndi chipeso chachitsulo. Mumugoneke chammbali, alamu agwire mutu, chifukwa akamva kuwawa amaluma. Ubweyawo mudule ufanane ndi phazi, musalowe mkati. Zikhadabo mudule nsonga zokha. M'mabalamo mupakemo mafuta a katumbu wa m'nyanja, kenako mumuveke tinsapato tachikopa ndinasoka tija, tili m'bokosi kunsi kwa bedi langa. Musamange zolimba, magazi akasiya kuyenda phazi limafa ndi kuzizira. Musamulowetse m'nyumba poti mwamva chisoni, akazolowera kutentha panja padzamupweteka. Agone pamalo pake, apume sabata imodzi.

Sabatayo ikatha akutsimphinabe, chitani zimene abambo akanachita, ine sindidzanena kanthu. Koma mukagwira mfuti musanagwire sizasi, ndikadzabwera ayezi akasungunuka musadzavutike kubwera kudoko kudzandichingamira. Chikwama changa ndidzanyamula ndekha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka aja ndawapeza. Moni kwa alamu, kwa azakhali a Bolethe ndi amuna awo, ndi kwa mwana wanu Nivi, amene ndamva kuti wayamba kuyenda.

Ndine mlongo wanu,
Tukumeq

Ndamaliza kulemba Lachitatu, nthawi ya leveni koloko m'mawa. A Jokum anyamuka mawa mphepo ikalola.