Mpango wa Msoko Wokhota

Amayi,

Muli bwanji uko muliko? Pepani kuti ndikukusokonezani pa mpumulo wanu. Ndazengereza masiku anayi ndisanagwire cholembera, koma nkhani iyi sindingaitsirize inu musanaimve.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Alamu anga, akazi a achimwene a Lekeleni, anachira mu Januwale. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, ndipo mphumi ndi yanu yeniyeni. Kumudzi ku Dowa chimanga chamasula bwino, kupatula cha kumunsi kudambo komwe madzi anakhalitsa. Kuno ku Nsungwi denga lija munkadandaula nalo ndinalimata, pangotsala pakona pamodzi pomwe ndimatcherapo beseni. Mdzukulu wanu Tadala ali Fomu 4 ndipo akuwerenga, ngakhale foni imamudyera nthawi. Makina anga osokera akuyenda. Pa makinawo ndiye pali nkhani.

Mukudziwa kuti mu Febuluwale ntchito imandichulukira. Achinyamata amafuna mapilo ofiira okhala ngati mtima, wolasidwa ndi muvi, oti akapatsane pa 14. Zaka zonsezi ndakhala ndikusoka mivi imeneyi osadziwa tanthauzo lake. Ndinkangoonetsetsa kuti walowa kumanzere n'kutulukira kumanja mosapendekeka. Chaka chino ndinamufunsa Tadala. Akuti ndi nthano ya azungu akalekale. Kuli kamwana ka mapiko koyenda ndi uta, komangidwa nsalu m'maso. Kakakulasa, munthu amene uyambe kumuona ndiye umamukonda, kaya ndi wolongosoka kaya ndi chidakwa. Ndinati, "Nanga kamwanako kalibe makolo oti akalande utawo?" Tadala anaseka mpaka kutsamwa. Akuti, "Mami, inu simungamvetse, chikondi sichifunsa." Ndinangomuyang'ana, mwana woti sanachapepo thewera.

Sanadziwe kuti akuuza munthu amene zamugwera kale. Amayi, pali munthu.

Ndi a Gondwe, kwawo ndi ku Rumphi. Amakonza makina osokera pakhonde la sitolo ina kumsika. Akazi awo anamwalira zaka zisanu zapitazo, ana awo ndi akuluakulu. Amapemphera, samwa. Ine sindinamve kulasidwa ndi kanthu. Chinachitika n'chakuti chaka chatha anabwereka sizasi yanga yaikulu, ija munandisiyira, ndipo tsiku lonse mtima unali m'mwamba. M'mawa mwake anaibweza itanoledwa, atathira mafuta pamsomali wake, ataikulunga m'pepala. Ndinakumbuka zimene munkatiuza ine ndi m'bale wanga Esinati tili atsikana: "Mwamuna musamuone tsiku lomwe akukufunsirani, muzimuona mmene amabwezera chinthu cha eni ake." Kuyambira pamenepo makina anga anayamba kuvuta pafupipafupi. Ndikuvomera kuti nthawi zina analibe vuto lenileni.

Tsopano imvani manyazi amene ndinachita. Pa 14 paja masana, ndikumalizitsa mapilo otsala, ndinamva odi. Kutuluka, a Gondwe aima pakhomo, suti yakuda, chipewa chili m'manja, maluwa ofiira ali pachifuwa, nkhope ili gwa. Amayi, ine maluwa ndinawagwirapo kawiri kokha pa moyo wanga: pamanda a bambo ake a Tadala, ndi pamanda anu. Ndinakuwa kuti, "Mayo ine, watisiya ndani?" Aneba anga, mayi Phiri, anatuluka manja ali kumutu, akulira asanamve n'komwe dzina la womwalirayo. A Gondwe, thukuta lili kamukamu, anati, "Palibe wamwalira, mama. Ndi anu. Mwana wanga wa ku Blantyre ndiye wandiuza kuti masiku ano amatero." Anawasiya pamakina n'kubwerera osatsanzika. Mpaka lero mayi Phiri akandiona m'mawa amati, "Anamfedwa, mwadzuka bwanji?"

Tadala akuti maluwawo anafiira ndi magazi a mulungu wina wamkazi wa m'nthano zomwezo, amene anabayidwa ndi minga pothamangira wokondedwa wake. Ndinati, anthu amenewa bwanji chikondi chawo ndi mabala okhaokha? Komabe ndinawaika m'botolo la madzi, ndikusintha madziwo m'mawa uliwonse. Anakhala masiku asanu ndi limodzi.

Patatha sabata a Gondwe anabweranso, opanda suti. Ulendo uno anabwera ndi mpango, monga anachitira Atate kwa inu. Munkati chikole si mphatso wamba: ukachisunga wavomera, ukakana umachibweza anthu asanakhale pansi. Mpangowo ndi wabuluu, nsalu yabwino ndithu. Koma m'mphepete anapinda okha, ndipo wokonza makina si telala. Msoko wakhota malo atatu, pakona imodzi ulusi unachita kuunjikana. Anati, "Ndayesetsa, mama. Mukaona kuti sizili bwino, mubweze, sindikwiya."

Inu mukundidziwa. Ndine uja ndinamasula msoko wa diresi lanu la kutchalitchi inu muli kumunda, chifukwa unapatuka pang'ono, ndipo munandikalipira mpaka madzulo. Mpango uwu ndakhala nawo milungu iwiri. Ndautenga kangapo, lezala ili m'manja, koma sindinadule ulusi ngakhale umodzi. Ndikayang'ana pokhotapo ndimaona bambo wa imvi atawerama, akulimbana ndi nsalu yoterera chifukwa cha ine. Tadala asunge muvi wakewo. Ine chandigwira ndi msoko wokhota, ndipo ndauona ndi maso anga ali otsegula.

Musaganize kuti ndangotengeka. Kwawo mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna, zosiyana ndi kwathu, ndiye ndinawafunsa maso ndi maso. Anati tidzakhala konkuno ku Nsungwi, ndipo Tadala sadzachoka m'manja mwa amalume ake. Ndinati abwereze mawuwo pamaso pa achimwene, anabwereza. Ndinafunsanso anthu atatu osadziwana za mmene ankakhalira ndi malemu akazi awo. Onse ananena chimodzi, kuti anawadwazika okha mpaka tsiku lomaliza, kuchapa ndi kuphika komwe. Amayi ena a kumpingo ayamba kale kunong'ona kuti wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi akufunanso chiyani. Zimenezo zinandivuta masiku awiri, kenako ndinaona kuti onong'onawo madzulo amabwerera kwa amuna awo.

Mtima wanga wakhazikika. Chatsala ndi inu. Loweruka likudzali ankhoswe awo akukumana ndi amalume a Chikaonda kunyumba kwa achimwene. Ngati mpango uyenera kubwerera, ubwerere Lachisanu dzuwa lisanalowe, kuti tisayendetse anthu pachabe. Choncho ndikupempha mundiyankhe Lachisanulo lisanafike. Ngati mukuona china chimene ine sindikuchiona, bwerani kumaloto mundiuze mosapsatira monga munkachitira, ndipo ndidzabweza, ngakhale zidzandiwawa. Koma ndikukumbukanso kuti mukavomera chinthu simunkayankhula. Munkangopitiriza kusankha nyemba zanu. Mukakhala chete, Loweruka ndivala mpangowo, kokhotako kuli kunja.

Ndikulonjeza kuti tikakolola ndidzabwera nawo kumudzi, tidzalambule pamene mwagona, muwaone nokha. Maluwa adzanyamula ndi iwo. Kumeneko palibe amene adzakuwe.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Felesiya