Miyendo ya Bambo Ikukana

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chamama ana ali bwino, koma bambo akutidetsa nkhawa.

Lachiwiri, atabwerako ku Lilongwe kotsukitsa magazi pa makina chifukwa cha vuto lawo la impso, anaumirira kukaona fodya kuchigafa. Asanafike n'komwe, miyendo inalefuka, n'kukhala pansi pakati pa mizere akupumira m'mwamba. Nditati ndiwadzutse, anandikankha dzanja.

"Ndisiye, Esinati. Munda wanga womwe undikanike?"

Adokotala akuti makina aja akamatsuka magazi amachotsanso mankhwala achilengedwe a m'thupi otchedwa kanitini, amene amathandiza minofu kupeza mphamvu. Adzawayeza Lachisanu, ndipo akapeza kuti wachepa, mwina aziwabaya jakisoni.

Chonde aimbireni, muwauze adikire zotsatirazo. Ine sakundimvera. M'mawa uno ndawapeza akusakasaka khasu lomwe ndinabisa.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati