Jezi yanga ikukwera kudenga, maso a adadi akutha

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 29, ndimasewera basiketibolo, ndipo kunena zoona, ndimatha. Zaka zinayi zomwe ndinali pa koleji ndinagoletsa mapointi oposa mkazi aliyense amene anavalapo jezi ya sukuluyo. Nditamaliza, ligi yaikulu ya kuno kwathu inandikana, ati ndine wamfupi. Ndinangoti zikomo, chikwama paphewa, ulendo kutsidya la nyanja. Ndasewera ku Poland, ku Spain, ndipo zaka ziwiri zapitazi ndinali ku Hungary. Kwathu ndimabwera Meyi, kunyamukanso Ogasiti. Khirisimasi ndimadyera pa foni, kuonerera abale anga akutafuna nkhukundembo.

Mwezi watha a ku koleji anandiimbira kuti jezi yanga, nambala 14, aikweza kudenga kwa holo yosewerera, ndipo palibenso amene adzavale nambala imeneyo. Mwambo wake mukuudziwa: pa nthawi yopuma pakati pa masewera mwini jezi amayenda mpaka pakati pa bwalo atakolowekana mkono ndi kholo lake, jezi n'kumakwera anthu onse ataimirira. Tsiku aika Loweruka lomaliza la Januwale.

Kholo limene ndatsala nalo ndi adadi, a Odell. Ndi iwo anandikhomera basiketi pakhoma la galaja ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankati akaweruka ku fakitale, osasamba n'komwe, n'kuyendetsa galimoto maola anayi m'chipale chofewa kunditsatira ku koleji kuti akangondikalipira chifukwa chophonya mpira umodzi. Lero shuga wawalowa m'maso. Lamanzere linatha, lamanja likutsatira, ndipo adokotala akuti pofika chaka chamawa zakutali sazidzaziona. Nditawauza za jeziyo anati, “Iwe Lenora, ukawauze nambalayo asoke yaikulu. Ine sindikufuna kungomva anthu akuomba m'manja ayi, ndikufuna ndiione ikukwera.” Ndinaseka nawo, kenako ndinakalirira m'galaja.

Vuto ndi ili. Timu ya ku Hungary ikundifunanso, ndipo mapepala a kontirakiti ali patebulo pano, sindinasaine. Januwale kumeneko ligi imakhala ili pakati, ndipo ife obwera timakoka ngolo mpaka mapeto. Kochi wathu, a Bálint, salola mlendo kujomba. Chaka chatha mnzanga Keandra atapempha kupita ku ukwati wa mng'ono wake, anamuyankha kuti ukwati ujambulidwa, adzaonera.

Keandra yemweyo ndiye wandipatsa nzeru. Akuti, “Usapemphe, mwali. Ukapempha akukaniza, kenako ayamba kukulondalonda. Ungodzigwetsa pokonzekera masewera, gwira kakolo, lira pang'ono, unene kuti ukufuna dokotala wako wa kwanu.” Aphungu, kudzigwetsa ndimatha, oimbira masewera ambiri ndawapusitsa nako. Masiku asanu okwanira, ndabwerera, nkhani yatha. Maganizo ndamanga kale, ndikungofuna munthu wamkulu andiuze kuti ndakhoza.

L.B., Saginaw, Michigan

Mwana wanga L.B.,

Choyamba, mafuno abwino. Jezi kudenga si masewera, ndipo kudzitama kwako ndakukhululukira poti ntchito ikuoneka. Chachiwiri, sunakhoze. Nzeru ya Keandra ndi yobooka pansi.

Taganiza bwino. Mwambo umenewu amaujambula, ndipo koleji idzamwaza zithunzi pa intaneti jezi isanafike n'komwe kudenga. A Bálint adzakuona ukuyenda mwamatama pakati pa bwalo, kakolo ali bwinobwino. Apo ayi, udzayenera kutsimphina dala, bambo ako ali pambali kukufunsa kuti mwana wanga wavulala liti. Tsiku limene bambo akowo aliyembekezera kuyambira uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, iwe ukachitirepo sewero? Komanso matimu akunjawa ali ndi madokotala awo, kakolo amamuunika tsiku lomwelo. Mwana wanga wamwamuna anasewerako ku Portugal zaka zinayi, ndiye ndikudziwa kuti makochi a kumeneko amaimbirana mafoni ngati apongozi okondana. Ukangotchuka kuti unanamizira kuvulala, dzina lako lidzafika ku matimu ena iwe usanafike.

Chimene chandidabwitsa n'chakuti mphamvu zili m'manja mwako, iwe osaziona. Sunasaine! Keandra anapempha atamangidwa kale, iwe ndiwe mfulu, ndipo akukufuna ndi iwo. Muimbire lero ajenti wako amene amakupezera matimu, umuuze zoona zonse, za maso zomwe. Masiku a ulendowo alembedwe m'kontirakitimo, tsiku lonyamuka ndi lobwerera. Zapakamwa usavomere, kochi akagonja masewera awiri amaiwala zonse zimene analonjeza.

Umufunsenso ajentiyo za sabata ija ligi zambiri za ku Ulaya zimaima mu Febuluwale kuti matimu a mayiko asewere. Ngati Febuluwale akubwerayu ilipo, imbira a ku koleji uwapemphe asunthe mwambowo ufike sabata imeneyo. Usachite manyazi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Akulemekeza iwe, osati kalendala, ndipo jezi imene yadikira zaka zisanu ndi ziwiri siingachite thukuta podikira masabata awiri. Ukawauza chifukwa chake, upemphenso kuti jeziyo idzayambe kukwera kuchokera m'manja mwa a Odell, pang'onopang'ono, kuti diso lawo lidzaitsatire mpaka pamene lingathere.

Timu ikakana zonsezi, usasaine. Wanena wekha kuti umatha, ndipo ine ndakukhulupirira. Wosewera ngati iwe sagona ndi njala ya timu.

Koma chenjezo langa lalikulu si la a Bálint ayi. Iwe maso ako onse ali pa Januwale, pamene adokotala sanakulonjeze Januwale. Shuga sasaina kontirakiti ndi munthu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pano ndi Julaye, uli pakhomo, ndipo diso lamanja likuonabe. Sabata ino, awo adadi uwakweze m'galimoto, ulendo uno woyendetsa ukhale iwe maola anayi aja. Pempha a ku koleji akutsegulireni holo ngakhale muli zii, akutulutsireni jezi yako yakale, muyende awiri mpaka pakati pa bwalo. Uwaonetse malo enieni kudengako pamene idzalendewere, akweze mutu apaone okha.

Chikondwerero cha anthu chidzabwera nthawi yake, ndipo adzachimva ndi makutu. Cha maso chokhacho usachiike m'manja mwa chaka chamawa. Dzaza mafuta m'galimoto, Lenora.

Aphungu