Mfundo ya Malemu Abambo pa Msampha wa ku Perekezi

Nkhalango ya Perekezi,
Mzimba.
Lachitatu, 16 Okutobala.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko ku Linthipe? Bondo lija linasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi, n'chifukwa chake ndagwira cholembera m'malo moimba foni. Foni imene mumalankhulirapo ndi ya alamu anga a Selina, akazi a achimwene, ndipo nkhani iyi sindikufuna idutse m'khutu mwawo. Rute mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera amayi. Khalani awiriwiri kuseri kwa nyumba, uwerenge zonse, usadumphe pena poti ukuwamvera chisoni. Kalatayi ndapatsira a Themba, oyendetsa lole ya matabwa, akuti adutsa kwanuko mawa masana.

Za ku Mzimba boma palibe chachilendo. Fumbi ndi lomwe lija, madzi m'mipopi akubwera pamene afunira, ndipo utsi wa moto wolusa wa ku Chikangawa watikhalitsa ndi chifuwa sabata yathunthu.

Mumandifunsa nthawi zonse kuti ntchito yolondera nkhalango ya boma ndimaikonderanji, mkazi wamkulumkulu kumangoyenda m'tchire ndi majombo. Mukanabwera mwezi uno mukanadzionera nokha. Mitengo yaphukira masamba ofiira, phiri lonse ngati wina wayanikapo zitenje. Masuku ayamba kugwa, anyani akungokhuta, mpaka amatiyang'ana ngati obwera ndife. M'mawa chifunga chimatsika kuchokera ku Viphya, agwape n'kumadumpha njira patsogolo pathu. Zaka zinayi ndayenda muno osaopa kanthu kupatula njoka. Koma kuyambira Lolemba lapitali, tsamba likangogwa ndimaima chilili.

Tsikulo tinapita kukayendera kumtsinje, ine ndi a Zondwayo, mkulu wathu pantchito, bambo wa ku Embangweni. Panjira ya nyama tinapeza misampha ya waya isanu ndi umodzi. Patsogolo pang'ono panali malo a msampha wina, koma waya panalibe. Panali kamtengo kothyoka, nthaka yofukulidwa, magazi, ndi ubweya wamawangamawanga. A Zondwayo ananjuta, n'kuyerekeza dzanja lawo ndi phazi lodinda m'matope, kenako anandiyang'ana osaseka. Anati ameneyu ndi nyalugwe, wakodwa mwendo wakutsogolo ndipo wapita naye wayayo. Tisanasunthe n'komwe, tinamumva m'zitsamba za kumtunda kwa mtsinje. Amayi, kulira kwake kuli ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo, pafupi pomwepa, koma osamuona. A Zondwayo anandigwira malaya n'kundinong'oneza kuti tibwerere chafutambuyo, mbwenu ndisayerekeze kuthamanga.

Iwo akuti nyalugwe wabwinobwino amathawa munthu, koma wovulala amabisala n'kudikira, ndipo ndi woopsa chomene. Tawauza a gemu, asilikali oteteza nyama aja, abwera Lolemba likudzali ndi mfuti zawo. Kufikira tsikulo palibe wololedwa kuyandikira kumtsinjeko. A Zondwayo akutinso kumtunda kumene wabisalako kuyenera kuti kwatsala misampha ina, ndipo mwini wake abwera ndithu kudzaizonda.

Tsopano gwirani mtima. Misampha ija atandipatsa kuti ndinyamule, ndinaona mfundo yake. Ndi waya wa mabuleki a njinga, wopotedwa katatu chakumanzere, nsonga yake n'kuipindira mkati kuti isabaye chala, ndipo wapakidwa phulusa kuti fungo la munthu lichoke. Mfundo imeneyi mukuidziwa, Amayi. Ndi mmene malemu abambo ankamangira misampha ya nguluwe kudimba kwathu. Anthu a kuno samanga choncho. A Zondwayo anaitembenuza kangapo, n'kunena kuti pa zaka makumi awiri zimene agwira ntchitoyi sanaionepo, womangayo ndi wamanzere ndipo si wa kuno. Wamanzere amene anaphunzira kwa abambo alipo mmodzi yekha, ndipo amagona pabalaza panga.

Ndi achimwene a Richard. Chithereni ntchito yawo yocheka matabwa ku Chikangawa mu Ogasiti, akukhala kwa ine. Lamlungu lililonse ndikamapita kutchalitchi, iwo amati akukawongola miyendo. Kawiri konse anabwera ndi nyama, ati agula kwa mnzawo kuboma. Ndipo ine, mlonda wa nkhalango, ndinaphika, ndinadya, ndinanyambita ndi zala zomwe.

Dzulo m'mawa ndinawafunsa, mwaulemu, nditagwada monga munandiphunzitsira. Poyamba anaseka, ati mfundo ilibe dzina la munthu. Nditawauza za nyalugwe anati ndikuwaopseza ngati kamwana, anyalugwe anatha kalekale, chimene ndinamva ndi nyani wachimfine. Kenako anapsa mtima, ati yunifolomu yandikulitsa mutu, ndaiwala amene ankandibereka kumsana powoloka mtsinje popita kusukulu. Sanavomere, sanakanenso. Koma pomanga nsapato anadzilankhulira okha kuti waya wabwino sapezekapezeka masiku ano. Mawu amenewo ndi amene akundidya. Abwererako, Amayi, ndikuwadziwa.

Panopa apita ku ganyu yokweza matabwa m'malole ku Chikangawa, abwerako Loweruka masana. Majombo awo ndakawatsekera ku ofesi, koma mwana wanu mukumudziwa, apita ngakhale ndi patapata.

Pempho langa ndi limodzi basi. Aitaneni kumudzi. Muwaimbire nokha ndi pakamwa panu, osatuma munthu. Ine sandimvera poti ndine wamng'ono, amalume amawayankha mmene afunira, koma inu mukawaitana sanayambe akanapo. Chifukwa chake mupeza nokha, kaya denga loti lifoleredwe mvula isanagwe, kaya munda wosagalauza uja. Za misampha musatchule, angadziwe kuti ndine ndakutumani n'kuuma khosi. Muwauze akwere Loweruka lomwelo, asagone kuno. A Themba abwerera Lachisanu, ndipo Loweruka madzulo anyamukanso ndi matabwa ena. Avomera kuwatenga, ngakhale sakudziwa chimene chikundithamangitsa.

A Zondwayo sindinawauze kanthu. Masiku atatu tsopano ndikuyenda nawo, ndikudya nawo, iwo akungondithokoza m'Chitumbuka kuti yewo, yewo, ati ndili ndi maso akuthwa poti misampha iwiri ndinaiona ndine. Ine ndikungoyang'ana pansi. Bambo ameneyu ananditenga ngati mwana wake kuyambira tsiku limene ndinafika kuno ndisakudziwa liwu limodzi la Chitumbuka, ndipo ndikumubisira. Ndikudziwanso kuti mlandu wa nyalugwe si wa gwape. Munthu akagwidwa nawo ndi zaka kundende.

Komabe ndaganiza, ndipo ndikufuna mumve kwa ine, osati kwa anthu. Loweruka lole ya a Themba ikachoka achimwene akadali pakhomo panga, ndipita kwa a Zondwayo ndikawatchule dzina, adzawatenge Lamlungu lisanakwane. Mudzandida, alamu sadzandilankhulanso, mwina kumudziko sindidzapondakonso. Ndalolera. Kundende mudzatha kukawaona mutanyamula kadengu ka chakudya. Kumtsinje kuja sindikudziwa kuti tikatolako chiyani.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa onse a kumpingo. Kwa alamu moni yekha, zinazi ayi. Ana a achimwene muwauze kuti azakhali awo akuwasowa, ndipo azakhaliwo anena kuti abambo awo akubwera sabata ino. Chonde Amayi, musandisandutse wabodza kwa ana.

Ndine mwana wanu amene akudikira ndi mantha,

Felesta