Opaleshoni Yopanda Chipsera

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yayamba kukumverani chisoni. Kuno tilipo, kutopa kokha.

Bambo a ana atuluka m'chipatala. Paja chakudya chinkawaima pachifuwa n'kubwerera. Adokotala anapeza kuti kumapeto kwa njira ya chakudya kunali kothina. Sanawang'ambe ayi. Anawagoneka tulo, n'kulowetsa kapaipi ka kamera kudzera m'kamwa, n'kudula kamnofu kamene kankatsekako. Dzulo amaliza mbale ya phala, moti kabeseni ka pansi pa tebulo kaja ndakachotsa.

Apongozi anabwera kudzazonda. Anamuvula malaya mwana wawoyo, kufunafuna bala. Atalisowa anati, "Opaleshoni yanji yopanda chipsera? Wachira chifukwa kuchipatalako amadya zophika anthu ena." Mukudziwa kuti kuyambira kale amati ndimathira zinthu m'chakudya. Ndinayang'ana bambowo kuti ayankhe, ine amene ndinkakolopa masanzi awo. Anangoweramira mbale. Pakhosi patseguka ndithu, koma mawu ondiikira kumbuyo sanatulukepo.

Musadandaule, ana ali bwino. Kodi kachipinda kanu kosungiramo makina osokera kaja kadakali kopanda munthu? Ndangofunsa chabe.

Ndine,
Mwana wa achimwene anu