Andilanda chiphaso choulutsira ndege

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa mayi wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Patha milungu isanu ndisanaulutse ndege. Boma landilanda chiphaso, ndipo ndati mumve kwa mwini wakene, osati kwa anthu.

Nkhani inayambira pa ndege yathu ina yakale, ya mipando makumi asanu ndi awiri. Katatu konse ndikutera nayo, buleki ya kumanzere inachedwa kugwira, ndege n'kumakokera kumbali. Ndinalemba m'buku lomwe timalembamo zovuta za ndege, ndipo katatu konse amakaniko anayankha pansi pake kuti ayang'ana, palibe vuto. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti chitsulo chake chinatha kalekale, koma bwana akuti tidikire nyengo ya anthu ambiri apaulendo ithe kaye.

Boma lili ndi anthu ake oyendera ndege, oti aziona ngati zili bwino ndiponso ngati ife oyendetsa tikutsata malamulo. Amene amayendera kampani yathu timamutcha Tochi, chifukwa amazungulira ndege atanyamula chitochi chomwe palibe anachionapo chitayaka. Ndinalemba kalata yofotokoza za buleki ija ndi dzanja langa n'kukamupatsa ku ofesi kwake, yoyang'anana ndi poimika ndege. Anatseka chitseko, anandipatsa madzi, n'kuwerenga mpaka kumapeto. Anati ndachita bwino, akazi olimba mtima ngati ine ndi osowa, ndipo dzina langa silituluka m'chipindamo.

Patatha masiku awiri, bwana wa oyendetsa ndege anandiitana. Kalata ija inali patebulo pake. Sanakalipe. Anangondifunsa ngati ndimadziwa kuti iye ndi Tochi anaphunzira limodzi, komanso kuti mwana wa Tochi anayamba ntchito kwathu chaka chatha.

Mlungu wotsatira Tochi anabwera kudzandiyesa, atakhala kumbuyo kwanga ndi kabuku pabondo. Ulendo unayenda bwinobwino, ndinatera mofewa moti khanda silikanadzuka. Iye analemba kuti ndinachedwa kuyankha wailesi, ndiponso kuti ndikuoneka wosokonezeka maganizo. Kenako anaonjeza kuti maola anga oyamba ouluka, a kusukulu kuja, sakupezeka m'mafayilo awo, mwina ndinachita kupeka. Achimwene, ndinu amene munkandiperekeza kusukuluko m'mamawa pa njinga yamoto, mvula kapena mphepo. Bambo anamwalira atangotsala pang'ono kundiona nditavala yunifolomu. Lero munthu wosayatsa ndi tochi yomwe akuti ndinapeka.

Mnzanga amene tinali naye m'ndege tsikulo taulukira limodzi zaka zinayi. Atamufunsa, anati sanaone kanthu. Madzulo anandiimbira foni kuti ndimumvetse, ali ndi ana atatu. Ndinamuuza kuti ndamva, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sanaimbenso. Makaniko wachikulire uja anamusamutsira kosungira matayala, ndipo tikakumana amayang'ana pansi.

Masiku ano ndimangokhala. Yunifolomu ili m'pulasitiki kuseri kwa chitseko. Alonda a panyumba pano amanditchulabe kuti kaputeni, ndipo mayi woyandikana nane wafunsa kale kawiri ngati tchuthi changa chilibe mapeto. Ndamuuza kuti akupenta ndege.

Chimene chikundidya kwambiri n'chakuti ndege ija ikuulukabe. Imadutsa pamwamba pa nyumba ino m'mawa uliwonse, ndipo ndimaizindikira ndi kulira kwake. Ndimasiya chilichonse n'kugwira foni, kumayang'ana mpaka ndione kuti yatera kumene ikupita. Muli anthu makumi asanu ndi awiri mmenemo, ena akudya mabisiketi, osadziwa kanthu.

Ndachita apilo, ndipo adzamva nkhani yanga pakati pa mwezi wamawa. Oweruza ake ndi atatu, mmodzi ndi bwana wake wa Tochi, choncho sindikudzinamiza. Komabe sindifuna kuti alembe kuti ndine wabodza ine ndili chete. Pempho langa ndi ili. M'sutikesi yabuluu ya mayi, pansi pa bedi, muli buku langa loyamba la maola, lachikuto chakuda, momwe aphunzitsi anga ankasaina ulendo uliwonse. Mulijambule tsamba lililonse ndi foni, zithunzi musunge inu, ndipo bukulo mulitumize ndi kampani yonyamula makalata yoti ndidzasainire polandira. Musalipatsire munthu aliyense wa kuntchito kwathu, ngakhale atakusekererani bwanji.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa amalume aang'ono. Mwana wanu wamkazi amene amati adzakhala woyendetsa ndege ngati ine musamuuze izi, alimbikire masamu. Mayi muwauze zoona, koma pang'onopang'ono, atakhala pansi. Muwauzenso kuti ulendo wodzandiona umene ndinawalonjeza udikire kaye. Njira yakwathuko imayenda ndege yomweyo, ndipo ine sindingawakweze.

Tsalani bwino.

Ine mlongo wanu,
Chitsiriza wa mayi