Amene Ankatsegula Geti Ndamupeza

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa ana ndi wa amayi. Mwendo wa amayi uja wayamba kuwalola kuyenda? Ine kuno ku famu kuthupi ndili bwino. Za kumutu muweruza nokha mukafika kumapeto.

Ndikudziwa kuti alamu anatulukira kumeneko Lachiwiri ndi chikwama chawo, pakati pa mwezi, si nthawi ya tchuthi. Ndikudziwanso kuti mwawafunsa ndipo sanakuyankheni, pakuti amuna anuwo mawu amawasunga ngati mbewu. Ndiye khalani pansi, ndikuuzeni ine.

Choyamba mudziwe kuti ine ndine munthu wolakwiridwa. Zaka zinayi ku yunivesite kuphunzira malamulo, zaka ziwiri kutha nsapato m'maofesi, mapeto ake alamu n'kundipezera ntchito yoweta ng'ombe. Ndikuthokoza, musati sindikuthokoza. Koma anzanga kuno amanditcha Loya, ndipo ng'ombe ikandipondera phazi amati ndikaisumire.

Pa famu yonse ino amene anazindikira kuti ndine wophunzira ndi mmodzi yekha: kamwana ka ng'ombe kofiira, ka banga loyera pamphumi, kamene mayi wake anafa pobereka. Tsiku loyamba kanandinunkhiza kuyambira kunsapato mpaka m'khosi, kanalowetsa mphuno m'thumba, kenaka kanadya theka la nyuzipepala yanga ine ndikuwerenga theka linalo. Ndinakatcha Kafufuze. Ndikamalankhula kamamvetsera mpaka ndimalize, chimene pano palibe munthu amachita.

Ndiye ndinayamba kumasunga mchere m'thumba, uja timathirira ng'ombe kuti zizinyambita, n'kumakapatsira m'manja. Lamulo la pano limaletsa zimenezi, ati ng'ombe imazolowera moipa. Ine monga wodziwa malamulo ndinaliunika lamulolo n'kulipeza lopanda mutu.

Tsopano mvetsetsani za geti. Loko wa geti la kubusa lalikulu anathyoka kalekale, ndiye timamanga ndi chingwe. Masana tikabwera nazo kokamwa madzi, ng'ombe timazitsekera mmenemo n'kupita kukadya. Womanga geti amakhala wamng'ono pantchito, kutanthauza ine, ndipo ng'ombe ikasowa woyankha mlandu ndi amene anamangayo.

Mwezi watha getilo linapezeka lili yasa, ng'ombe zili balala pamsewu. Tinazibweza zonse. Patapita masabata awiri linatsegukanso, ndipo msoti umodzi wonenepa sunapezeke mpaka lero. Akapitawo anayamba kundiyang'ana cham'mbali. Ndikafika pomwe anzanga akucheza, nkhani inkangothera m'malere, wina n'kuyamba kuimba mluzu.

Ine ndinadziwa kuti pali wina akundikumbira dzenje. Mfundo yanga ndimamanga kawiri, chingwe sichidzimasula chokha. Ndinayamba kupenyetsetsa aliyense, ndipo sipanatenge nthawi maso anga anagwera pa amuna anu.

Musakwiye msanga, tamvani umboni. Tsiku lililonse ndikamanga geti, alamu ankatsalira m'mbuyo, ati akumanga nsapato. Achemwali, amuna anu amavala majombo a labala, opanda zingwe. Nditacheuka ndinkawaona atabwerera pageti, akuyang'ana uku ndi uku, manja ali gwiregwire pamtengo. Madzulo ankathamangira kukhala oyamba kufika pamenepo, munthu amene sanathamangepo ngakhale paukwati wanu. M'thumba mwawo munkakhala timawaya tatifupitifupi. Dalaivala wa lole ya ogula ng'ombe akabwera ankawapatsa moni wa manja awiri. Ndipo tsiku limene msoti unasowa iwo kunalibe, ati anatumidwa kukatenga mankhwala a nkhupakupa. Ine ndinati eya, munthu wochenjera amaonetsetsa kuti tsiku lakuba ali kwina.

Panalinso chipongwe. Tsiku lina anandikokera pambali n'kundiuza monong'ona kuti ndizisamba m'manja ndisanamange geti. Ine! Munthu wa digiri kuphunzitsidwa ukhondo ndi munthu amene chipewa chake sichinaonepo sopo! Ndinawayankha kuti manja anga anagwirapo mabuku amene iwo sangathe kuwanyamula. Anangoti chabwino alamu, n'kumapita.

Lolemba ndinapita kwa akapitawo. Ndinayala nkhani yanga bwinobwino, choyamba, chachiwiri, mpaka chachisanu, moti aphunzitsi anga akanaombera m'manja. Akapitawo anaitana alamu n'kuwafunsa chimene amakachita pageti. Alamu anavula chipewa, anandiyang'ana ine, anayang'ana pansi, n'kunena kuti alibe mawu. Anauzidwa kuti ayambe apita kwawo mpaka nkhani ifufuzidwe. Ine mumtima ndinati wolakwa sasowa, watsekedwa pakamwa ndi umboni.

Lachitatu masana geti linapezeka lotsegula.

Mukuganiza kuti ndinachita manyazi? Ayi ndithu. Ndinati ndiye kuti ali ndi mnzawo. Lachinayi ndinamanga geti, ndinanamizira kupita kukadya, n'kubwerera chokwawa kukabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Dzuwa likundiotcha, nyerere zikundikwera m'buluku, ine phee, kudikira mbava.

Mbava inabwera ndi miyendo inayi, banga loyera pamphumi. Inafika pageti, inanunkhiza chingwe, n'kuyamba kuchiyamwa maso ali tsinzi, mchira ukugwedera ngati ili pabere la mayi wake. Inayamwa, inakoka, inayamwanso, mpaka mfundo yanga yomanga kawiri ija inangoti pulu. Geti linatseguka lokha. Kenaka inandinunkhiza kumene ndinabisalako, inabwera mothamanga n'kulowetsa mphuno m'thumba langa kufuna mchere wina.

Ndinayang'ana manja anga. Mchere unali mbuu m'mizere yonse. Tsiku lililonse ndinkakanyambititsa kamwanako, kenaka ndi manja omwewo n'kukamanga chingwe.

Ndinapita kwa madala amene amasakaniza mankhwala osambitsira ng'ombe, ndikuganiza kuti ndawatengera nkhani yatsopano. Sanasiye n'komwe kutakasa. Anati a Loya, zimenezo famu yonse ikudziwa kupatula inu ndi akapitawo. Ati alamu anakaona kamwanako kakumasula chingwe tsiku loyamba lomwe, ndipo kuyambira pamenepo ankabwerera kukapotokola waya pamwamba pa mfundo yanga, madzulo n'kuthamangira kukauchotsa ndisanaone, kuopa kundichititsa manyazi. Tsiku lokhalo limene anatumidwa kwina ndi limene msoti unasowa. Ati anapempha aliyense kuti asunge pakamwa, chifukwa akapitawo akadziwa, ine ntchito yatha, ndipo ng'ombe yodziwa kutsegula geti pano saisunga, imakwera lole yopita kokapha. Ati ananenanso kuti mkazi wawo anagulitsa makina ake osokera kuti mlongo wakeyu aphunzire, ndiye sangalole kuti abwerere kunyumba chimanjamanja kachiwiri.

Achemwali, pamenepo Chingerezi changa chonse chinandithawa.

Komabe ndili ndi dandaulo. Munthu wanji amene amangoti samba m'manja osafotokoza chifukwa? Akanandilembera ngakhale mizere iwiri! Ngakhale, kunena zoona, ndikanawayankhanso za mabuku.

M'mawa uno ndinabwereranso kwa akapitawo, ulendo uno popanda choyamba ndi chachiwiri. Ndinakhuthula mchere wa m'thumba patebulo pawo n'kuulula zonse. Anandifunsa ngati ku yunivesite kuli phunziro la kupusa kapena ndinachita kudziphunzitsa ndekha. Chigamulo chake n'chotere. Ine andichotsa kubusa, ndizikawola ndowe m'makola. Alamu malo awo alipo, bola afike pofika Lolemba m'mawa, apo ayi alemba wina. Kafufuze akwera lole Lolemba lomwelo, pokhapokha mbusa wodalirika atavomera kukayang'anira mpaka katasiya khalidweli. Ndinakweza dzanja. Anati anena wodalirika.

Ndiye pempho langa ndi ili. Alamu foni yanga sakuyankha, ndipo sindikuwadzudzula. Inu ndiye mumadziwa khomo lolowera mumtima mwawo. Awerengereni kalatayi yonse, osadumpha pa majombo ndi pa chipewa, amve mmene mlamu wawo analili wanzeru. Muwauze kuti ndinawatcha wakuba pamaso pa anthu, ndipo pamaso pa anthu omwewo ndidzagwada. Akafuna kuti ndichoke pa famu pano kuti iwo abwerere, ndichoka, asachite kuzungulira. Koma asataye ntchito ya zaka khumi ndi ziwiri chifukwa cha ine, ndipo kamwanaka kasafere mchere umene sikanadziikire kokha m'kamwa.

Inunso mundikalipire mmene mungafunire. Koma amayi musawauze kaye, angakomoke ndi kuseka mwendo usanapole.

Mundiperekere moni kwa ana onse, makamaka wamkuluyo. Muuzeni alimbikire sukulu, koma azimveranso bambo ake. Mulungu akusungeni nonse.

Pepani ngodya ya pepalali yanyowa ndipo yaperewera. Si misozi, musandinamizire. Woimbidwa mlandu uja, Kafufuze, wadya ndime imene ndinadzitetezamo bwino kwambiri, ndipo mwina wachita bwino.

Timawaya ta alamu ndatipeza pawindo la chipinda chawo. Ndayesa kupotokola monga ankachitira iwo, ndangodzibaya chala. Lolemba ndidzakhala nditaima pageti kuyambira m'mawa, nditatigwira m'manja, kudikira kuti adzandiphunzitse.

Ndine mlongo wanu wophunzira kwambiri uja,
Loya wa m'khola